Funsani Akatswiri: Kompyuta ikulemba "PCIe Bus Error", kodi khadi lafa?

Funso: Ndinalowetsa khadi la Wi-Fi mu slot ya PCIe ya kompyuta yanga ya Linux. Ndikalemba dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a Linux, ndimapeza mizere yambirimbiri yonena kuti "PCIe Bus Error: severity=Corrected", ndipo nthawi zina intaneti imangoduka mpaka nditazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Ndilitaye khadili? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Musathamangire kulitaya. Apa pali mavuto awiri osiyana.

Mizere ya Corrected ija siyoopsa payokha. Paketi iliyonse ya deta yodutsa pa PCIe imanyamula nambala yotsimikizira ya mabiti 32 yotchedwa LCRC. Wolandira akaona kuti nambalayo sikugwirizana ndi zomwe zafika, amaikana paketiyo ndipo wotumiza amaitumizanso. Palibe chatayika, AER, gawo lomwe limalemba zolakwikazi, ikungokudziwitsani. Koma mizereyo ikachuluka chonchi, makamaka ya RxErr kapena BadTLP, mwina khadi ndi slot sizikugwirana bwino.

Kuduka kwa intaneti ndi nkhani ina, ya zolakwika zomwe hardware yalephera kukonza yokha. Zilipo za non-fatal, pomwe yalephereka ndi ntchito imodzi koma njira yolumikiza khadi ndi kompyuta ikadali yabwino, ndi za fatal, pomwe njira yonse siingadaliridwenso. Zikatero Linux imayamba yaitana gawo lotchedwa error_detected mu driver (pulogalamu yoyendetsa khadi) ya khadilo kuti isiye kutumiza chilichonse. Pa nthawiyi driver ikawerenga khadi ikhoza kumangolandira 0xFFFFFFFF, kutanthauza kuti palibe akuyankha. Driver ikati itha kudzuka yokha, imapatsidwa mmio_enabled, chilolezo choti iyambenso kulankhula ndi khadi. Ikalephera, kapena vuto likakhala la fatal, pamachitika reset, kenako slot_reset kuti driver ikonzenso khadi ngati kuti kompyuta yangoyaka kumene, ndipo pomaliza resume. Ndondomekoyi inayambira pa makina a IBM POWER. Chokhumudwitsa n'chakuti madriver ambiri alibe zimenezi, ndiye mumangoona "can't recover (no error_detected callback)" ndi "device recovery failed". Tikukayikira kuti lanu lili m'gulu lomweli.

Yambani ndi manja, osati mapulogalamu. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi 10, kenako chotsani khadi. Pukutani timizere tagolide ta m'munsi mwake ndi kansalu konyowa ndi isopropyl alcohol, uzirani fumbi la mu slot, bwezerani khadi mpaka likhazikike mofanana mbali zonse, mumange sikuluwu. Fumbi la mu Okutobala si lamasewera, ndipo khadi losamangidwa limapendekeka pang'onopang'ono mukamasuntha ma antenna.

Mukayatsa, lembani sudo lspci -vv ndi kufananiza LnkCap (liwiro lomwe lingathe) ndi LnkSta (liwiro lomwe likuyendera panopa) pa khadilo. Mukaona mawu oti downgraded, likuyenda mochepera mphamvu yake. Yesaninso kuwonjezera pcie_aspm=off pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT mu /etc/default/grub, mulembe sudo update-grub ngati muli pa Ubuntu kapena Debian, muyatsenso. ASPM ndi gawo lomwe limagoneka njirayo posunga magetsi, ndipo makhadi ena a Wi-Fi sadzuka bwino. Ena adzakuuzani za pci=noaer. Imeneyo imangotseka pakamwa AER, vuto likadali pomwepo.

Khadi likasiya kuyankha mukugwira ntchito, palibe chifukwa chozimitsira kompyuta yonse. Monga root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse), lembani echo 1 > /sys/bus/pci/devices/0000:03:00.0/remove, koma muike adiresi ya khadi lanu yomwe lspci yaonetsa, kenako echo 1 > /sys/bus/pci/rescan. Nthawi zambiri limabwerera, kupatula ngati njira yagweratu.

Zonsezi zikakanika, lisamutsireni mu slot ina. Zolakwika zikalitsatira kumeneko, vuto ndi khadi, gulani lina. Zikasiya, slot yoyamba ija ndiyo yadwala, musaikemonso kanthu.