Ndege idachedwetsa mwana wanu pobwera ndi pobwerera: asasaine kaye voucher ija

Bambo, ndiyambe ndi kukupepesani. Kudikira mwana pa bwalo la ndege kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, kenaka n'kubwerera ku Kasungu usiku mpando wake uli wopanda munthu, si chinthu chaching'ono.

Mwalemba kuti mwana wanu wamkazi, yemwe amagwira ntchito ku England, adagula tikiti imodzi yobwera ndi kubwerera kuti adzakhale nawo pa chinkhoswe cha mng'ono wake. Ndege idanyamuka mochedwa ku London, ina yomwe amayenera kukwera pa bwalo lina la mu Africa muno idamusiya, ndipo adatera ku Lumbadzi mawa lake chinkhoswe chitatha. Inu mudachita hayala minibasi kawiri. Pobwerera, ulendo wochoka ku Lilongwe udalephereka, adakwera patapita masiku awiri, ndipo kuntchito adamudula malipiro. Tsopano kampani ya ndegeyo, yomwe mwati ndi ya mu Africa muno, yamutumizira voucher yoti adzachotsere pa tikiti ina, bola asaine. Mukufunsa ngati alandire.

Asasaine kaye. Tikiti ndi imodzi, koma maulendo awiriwa akuweruzidwa ndi malamulo osiyana, ndipo pa ulendo wobwera kunowu ali ndi ufulu wolandira ndalama zenizeni.

Mayiko a European Union adakhazikitsa lamulo nambala 261 la chaka cha 2004 loteteza okwera ndege, ndipo Britain itatuluka m'bungweli idalisunga lamuloli ngati lake. Limagwira ndege iliyonse yonyamuka pa bwalo la ku Britain, kaya mwini wake ndi wa dziko liti. Munthu akafika komwe akupita mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, chipukuta misozi chake n'cholembedwa kale: mapaundi 220 pa ulendo wosapitirira makilomita 1,500, mapaundi 350 pa wapakati, ndi mapaundi 520 pa wopitirira makilomita 3,500 ngati wachedwa kuposa maola anayi. Kuchokera ku London kudzafika ku Lilongwe ndi ulendo wa gulu lomalizali. Safunikanso kuonetsa kuti wataya chiyani. Kuchedwako pakokha n'kokwanira.

Akhoza kumuyankha kuti ndege ya ku London idangochedwa maola awiri, zina zonse zidachitikira kunja kwa Britain. Yankho limeneli asalimvere. Khothi la apilo la ku England lidagamula mu 2017, pa mlandu wa Gahan, kuti ngati maulendo olumikizana ali pa tikiti imodzi, timawerenga nthawi yomwe munthu wafika kumapeto kwa ulendo wonse. Kwa mwana wanu kumapetoko ndi ku Kamuzu International Airport, ndipo adafikako tsiku lathunthu litadutsa.

Kampani imapulumuka pokhapo ikaonetsa kuti chidachedwetsa ndegeyo n'chinthu chachilendo chomwe sikadatha kuchipewa, monga nyengo yoopsa, kutsekedwa kwa bwalo kapena chiopsezo pa chitetezo. Umboni wake uyenera kuchokera kwa iwo. Kuwonongeka wamba kwa chipangizo cha ndege makhothi sakuwerengera m'gulu limeneli, chifukwa kukonza ndege ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Choncho m'kalata yake awafunse kuti alembe chifukwa chenicheni cha kuchedwako. Ngati usiku uja adadzigulira yekha chakudya ndi kulipira pogona, aikemo malisiti, pakuti lamulo lomweli limati zimenezi ndi udindo wa kampani.

Za voucher, lamulo likunena poyera kuti chipukuta misozichi chiperekedwe ngati ndalama, kudzera ku banki kapena pa cheke. Voucher imalowa m'malo mwake pokhapo wokwerayo atasainira kuti wavomera. N'chifukwa chake akufuna siginecha yake. Zimandiwawa kuona anthu athu, chifukwa cha ulemu ndi kutopa, akuthokoza pepala lomwe mwina lidzatha mphamvu asanapezenso tchuthi chobwerera kumudzi.

Ulendo wobwerera ndi nkhani ina, ndipo apa sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chopitirira. Lamulo la Britain limagwira ndege yolowa m'dzikomo kuchokera kunja pokhapo kampani yake ili ya ku Britain kapena ya ku European Union. Iyi si yotero, ndiye mapaundi 520 achiwiri palibe. Chomwe chikumuteteza ndi pangano la mayiko la Montreal la 1999. Popeza tikiti yake idayambira ku London n'kukathera ku London komweko, panganoli likugwira ulendo wonsewo, Lilongwe n'kukhala ngati poima panjira. Ndime 19 imati kampani ilipire zomwe wokwera wataya chifukwa cha kuchedwa, kupatula itaonetsa kuti idachita zonse zotheka kuti zisachitike. Kuyambira pa 28 Disembala 2024 malire ake ndi 6,303 SDR, muyeso wa ndalama wa bungwe la IMF, zomwe zikupitirira madola 8,000 a ku America. Koma amenewa ndi malire chabe. Amalandira zokhazo zomwe waonetsa ndi mapepala: risiti ya loji ya masiku awiri aja, chakudya, galimoto yopita ku bwalo kachiwiri, ndi kalata ya abwana ake yosonyeza ndalama zomwe adamudula. Kuwawa kwa mtima kophonya chinkhoswe, ngakhale ndi komwe kukupwetekani koposa, makhothi kawirikawiri salipiritsa pansi pa panganoli.

Za minibasi yanu: amene ali ndi mlandu ndi kampani ndi wokwera ndege, osati abale odzamuchingamira. Koma ngati ndalama ya hayalayo adatumiza ndi iyeyo, uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba uli m'foni mwanuwo musaufufute. Pitaninso kwa mwini minibasi akulembereni risiti ya ulendo wachiwiriwo, yokhala ndi tsiku, ndalama ndi nambala ya galimoto. Ikhoza kulowa pa zomwe mwana wanu wataya, ngakhale pamenepa kampani ikhoza kulimbalimba.

Kayendetsedwe kake nkotere. Alembe yekha ku kampani, pa fomu ya madandaulo ya pa intaneti kapena pa imelo, madandaulo awiri osiyana, lina la ulendo wobwera, lina la wobwerera, kuti asamuyankhe zonse ndi mawu amodzi. Atchule nambala ya tikiti, nambala za ndege, nthawi yomwe amayenera kufika ndi yomwe adafikadi, aike zithunzi za ma boarding pass (timapepala tokwerera ndege) ndi malisiti, n'kunena ndalama zomwe akufuna. Akamukana, kapena pakatha masabata asanu ndi atatu osayankhidwa, dandaulo la ulendo wobwera alitengere ku bungwe lomva madandaulo lomwe kampaniyo idalowa, ndipo ngati sidalowe lililonse, ku Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndege ku Britain. Zikakanika apo pali khothi la milandu ing'onoing'ono ku England komweko, komwe munthu amatha kudziimira popanda loya. Makampani otolera chipukuta misozi m'malo mwa okwera alipo, koma amadulapo gawo lawo pa ntchito yomwe angaigwire yekha madzulo amodzi.

Owerenga ena omwe adagula tikiti kuno kwathu ndipo kampani kapena ejenti akukana kubweza ndalama za ulendo wolephereka, akadandaule ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ku Lilongwe. Bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda ndi ufulu wa ogula, lomwe likulu lake lilinso ku Lilongwe, limamva madandaulo okhudza malonda odutsa malire a mayiko.

Nthawi ayisamale. Pa mapaundi 520 aja ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zosumira ku England, koma pa pangano la Montreal ndi zaka ziwiri zokha kuchokera tsiku lomwe adafika, ndipo kulemberana makalata ndi kampani sikuimitsa masikuwo. Ngati pofika lero wasaina kale voucher ija, anditumizire mawu onse omwe ali papepalapo ndione ngati akutseka maulendo onse awiri kapena umodzi wokha.