Funsani Dokotala: Bambo anga akuti anadziona ali pamwamba pamene mtima wawo unaima

*Adokotala, mwezi wathawu bambo anga a zaka 63 anagwa ali m'chipatala kukayezetsa BP, mtima n'kuima. Anamwino anawadinikiza pachifuwa mpaka anatsitsimuka. Tsopano akuti nthawi imeneyo anadziona ali m'mwamba akuyang'ana thupi lawo, anaona kuwala, ndipo malemu agogo anawauza kuti abwerere. Abusa akuti mzimu wawo unatuluka n'kubwerera. Mlongo wanga wa ku koleji akuti ndi ubongo chabe. Ine ndinawerenganso pa Facebook kuti mzimu umalemera magalamu 21. Zoona zake n'ziti? — Wowerenga wa ku Dedza*

Ndiyambe ndi magalamu 21 aja, chifukwa nkhani imeneyi yakana kufa. Inachokera kwa dokotala wina wa ku Haverhill, m'chigawo cha Massachusetts ku America, dzina lake Duncan MacDougall. Mu 1907 iye anafalitsa zomwe anapeza atagoneka odwala 6 amene anali pafupi kumwalira pa bedi lokhala pa sikelo. Mmodzi yekha ndiye anatsika ndi magalamu pafupifupi 21 pa nthawi yomwalira. Ena anapereka manambala osiyana, ndipo awiri anawachotsa mu kafukufukuyo chifukwa kuyeza sikunayende bwino. Anayesanso agalu 15, sikelo osasuntha, iye n'kuti agalu alibe mzimu. Munthu mmodzi, sikelo ya zaka zoposa 100 zapitazo, thupi lomwe limataya madzi ndi thukuta ngakhale likufa: palibe dokotala amene angatsamire pa umboni wotere.

Za bambo anu ndi zina, ndipo musawaseke. Mtima ukaima, magazi saafikanso ku ubongo, ndipo pasanathe masekondi 20 munthu amakomoka. Pakapita mphindi zochepa, maselo a ubongo amayamba kuwonongeka. N'chifukwa chake anamwino aja anathamangira pachifuwa: kudinikizako kumakankha magazi pang'ono kuti ubongo usafe. Ifeyo kuchipatala sitinena kuti munthu wotere anamwalira n'kuuka. Timati mtima unaima, n'kuudzutsa thupi lisanafike poti silingabwererenso.

Ambiri mwa amene apulumuka chonchi sakumbukira kalikonse. Koma ena amafotokoza ngati bambo anu: kuwala, mtendere waukulu, kuona abale omwe anatsogola, kudziona uli kunja kwa thupi. Kafukufuku wotchedwa AWARE, wotsogoleredwa ndi dokotala Sam Parnia, amene anatuluka mu 2014, anatsatira anthu 2,060 omwe mtima unaima m'zipatala 15 za ku Britain, America ndi Austria. Ofufuzawo anaika zithunzi pa mashelufu m'mwamba, zoti munthu angazione pokhapokha ali kudenga. Palibe wopulumuka amene anatchula chithunzi chilichonse. Komabe wina anafotokoza molondola zomwe zinkachitika m'chipinda pamene ankamudzutsa, ndipo m'chipinda chakecho munalibe shelufu. Ku University of Michigan, ofufuza anaona mu 2013 kuti ubongo wa makoswe umagwira ntchito mwamphamvu kwa kanthawi kochepa mtima ukangoima, ndipo mu 2023 anaona zofanana kwa odwala awiri mwa anayi. Mlongo wanu ali ndi pogwira, koma mawu akuti "chabe" achepetse.

Makina athu amayeza magetsi a mu ubongo, kugunda kwa mtima ndi mpweya m'magazi. Mzimu umene abusa akunena sulowa m'makina amenewa, choncho sayansi siingautsimikize ndipo siingautsutse. Pa Genesis 2:7 Mulungu akuuzira mpweya wa moyo m'mphuno mwa munthu. Mu Korani, surah 17 ndime 85, akuti mzimu ndi za Ambuye ndipo munthu anapatsidwa nzeru zochepa pa za iwo. Makolo athunso ankathira nsembe kwa mizimu kalekale azungu asanabwere ndi sikelo. Ine ndikavala chovala choyera ndilibe udindo woweruza pakati pa abusa ndi mlongo wanu, ndipo sindikuona chifukwa choti pakhomo pagawikane pa nkhaniyi pamene mkulu ali moyo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi mtima wawo. Mtima suima popanda chifukwa, ndipo ukhoza kuimanso. Funsani madokotala omwe anawathandiza chimene chinachititsa, ndiponso ngati anawayeza ECG (kuona kagundidwe ka mtima pa makina), shuga ndi impso. Mankhwala a BP asadumphe tsiku, ngakhale wina atawauza kuti pemphero lakwana; apemphere, amwenso mankhwala. Akamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena chizungulire, apite kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuche. Muziwaonanso ngati akuiwalaiwala, akulephera kugona kapena akuchita mantha usiku, chifukwa zimenezi zimachitika kwa opulumuka ambiri ndipo thandizo lake lilipo. Akafuna kukamba za agogo aja, khalani pansi muwamvetsere.