Ma 8TB atatu pa RAID 5? Ayi achimwene

Achimwene, mwafunsa zochotsa ma disiki a 2TB asanu ndi atatu a mu seva yanu n'kuika ma 8TB atatu pa RAID 5, njira yomanga ma disiki pamodzi yomwe imapirira kufa kwa disiki imodzi yokha. Ine ndikuti ayi. Zimenezi zinandionetsa zakuda.

Kwathu abwana anati ma disiki ambiri akudya magetsi, UPS (batire yogwirizira seva magetsi akazima) sikuchedwa kutha, tigule ochepa akuluakulu, ma 8TB atatu pa RAID 5. Wogulitsa anabweretsa, ati atsopano, angotsika kumene kuchokera ku Johannesburg. Sipanapite nthawi, imodzi getsi lofiira. Lachisanu, kumapeto kwa mwezi, a ku akaunti ali pakati pa malipiro. Ndinalowetsa ina, rebuild (kumanganso deta ya disiki yakufayo pa yatsopano) n'kuyamba. Disiki ya 8TB, ngakhale izilemba 150MB pa sekondi popanda woisokoneza, ndi maola pafupifupi 15. Anthu akamagwiritsa ntchito seva zimatenga masiku. Nthawi yonseyo awiri otsalawo akuwerengedwa mbali zonse, 16TB yathunthu, ndipo ina ikangotsokomola basi mwathera pomwepo. Ma disiki wamba papepala lawo amalemba okha kuti akhoza kulephera kuwerenga bit (kachidutswa kochepetsetsa ka deta) imodzi pa 10^14, yomwe ndi cha m'ma 12TB. Werengetsani nokha.

Loweruka usiku ndili ndekha m'kachipinda ka seva, magetsi thi! Jenereta ilibe dizilo, UPS ikungolira, ine thukuta kamukamu kuthamangira kuzimitsa seva isanadzizimire yokha. Magetsi atabwera, rebuild yathu inayambira pa ziro. Ndinagona pampando. M'mawa itadutsa 80 peresenti, ndikuyamba kumwetulira, yachiwiri nayo getsi lofiira. Array yonse, gulu lonse la ma disikilo, zii. Ndinangokhala pansi pa simenti, miyendo itafa, foni ikuitana osaiyankha. Chinatipulumutsa ndi backup ya sabata yapitayo, zotsalazo a ku akaunti analemba mwatsopano pamanja akunditukwana chamumtima.

Ndipo wogulitsa uja! Nditafunsa ma disikiwo ndi smartctl, pulogalamu yoonetsa umoyo wa disiki ndi maola omwe yagwira ntchito, anali atazungulira kale zaka kwinakwake, anangowapukuta n'kuwakulunga bwino. Kumuimbira, ati “mwina ndi magetsi anuwo bwana.” Kenako foni osayankhanso. Abwana omwe anakana kugula disiki yachinayi ndi amene Lolemba ankandifunsa kuti kodi ndimalandirira chiyani.

Komabe ma 2TB okalambawo musawakakamire, gulani akuluakuluwo ndithu, inenso ndikugwiritsabe ntchito akuluakulu ndipo ndimagona tulo. Koma akhale anayi, RAID 6 (imapirira kufa kwa ma disiki awiri) kapena RAID 10 (disiki iliyonse imakhala ndi inzake yosunga zofanana). Onetsetsani kuti ndi a mtundu wa CMR (olemba deta m'mizere yosasanjikizana), chifukwa a SMR (osanjikiza mizereyo) pa rebuild amakwawa mpaka controller, kachipangizo koyendetsa ma disikiwo, kuwataya. Controller yanunso muifufuze, zina zakale siziona kupitirira 2TB. Ngati pali database konzekani madandaulo, ma disiki akachepa liwiro la kuwerenga tinthu ting'onoting'ono limatsika. Musasinthe imodziimodzi, ameneyo ndi rebuild mobwerezabwereza. Mangani array yatsopano pambali, koperani, akalewo muwatsekere mu kabati mwezi wonse. Smartctl muichite wogulitsayo ali chiimire pomwepo, ndalama zili m'thumba mwanu.