Kugona pamwamba pa phompho ku Cahora Bassa: yankho kwa aphunzitsi a ku Ulongué

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique. Iwo akuti agula pikapu yakale yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo akufuna kutenga akazi awo ndi alamu awo kuti akagone masiku awiri mu tenti pamwamba pa phompho loyang'ana mtsinje wa Zambezi, chakufupi ndi Songo, tauni ya pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kutali ndi midzi. Akuganiza zopita pa tchuthi cha Disembala, ndipo akufunsa ngati galimotoyo ingafike komanso zimene ayenera kunyamula.

Aphunzitsi, ndiyambe ndi chinthu chimene simunafunse, chifukwa zina zonse zatsamira pa icho. Malo amene mukuwaona ngati opanda mwini, kuchigwa cha Zambezi kulibe. Inu a kumtunda munazolowera dziko limene paliponse pali munda wa chimanga kapena wa mbatata ya kachewere, kotero mukatsikira kumene kuli milambe, mitengo ya tsanya ndi miyala yokhayokha, mtima umakuuzani kuti mwafika m'chipululu. Koma tchire limenelo lili ndi mfumu yake, lili ndi busa la mbuzi, lili ndi manda akale ndi nkhalango zimene eni dera salola kuti munthu azisonkhamo moto kapena kudulamo mtengo. Choncho ulendo wanu uyambire pakhomo pa mfumu kapena pa mlembi wa mudzi womaliza musanasiye msewu waukulu. Mukafike masana, mukanene kuti ndinu yani, mukufuna kukagona pati ndiponso mudzatuluka liti, kenaka mukapemphe munthu mmodzi wodziwa njira amene mudzamulipire bwino. Anthu ambiri kumeneko amayankhula Chinyungwe, chimene inu mudzachimva pang'ono ndithu, ndipo pamene chavuta, Chipwitikizi chilipo. Safunsa anadya phula, ndipo munthu woweta mbuzi pamenepo amadziwa khwawa limene linagumuka chaka chatha, chinthu chimene mapu a pa foni sangakuuzeni.

Pali zifukwa zina ziwiri zofunsira. Choyamba ndi damu lenilenilo. Khoma la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, linamangidwa kuyambira mu 1969 ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Lero limayendetsedwa ndi kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, ndipo ndi malo otetezedwa kumene mlendo sangangofika n'kukhoma tenti kapena kuyamba kujambula popanda chilolezo. Mukapitirira chakumadzulo m'mbali mwa nyanja ya damuli mumalowa m'paki ya Magoé, imene inakhazikitsidwa mu 2013, ndipo nayo ili ndi malamulo ake a kolowera ndi kogona. Chachiwiri ndi nkhani ya mabomba okwirira. Dera lozungulira damu linatcheredwa mabomba ambiri pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, ndipo ngakhale kuti boma linalengeza mu Seputembala 2015 kuti malo onse odziwika achotsedwa mabomba, ine sindiyendetsa galimoto pamene sipanadutsepo tayala, ng'ombe kapena phazi la munthu. Mwina ndi mantha a ife amene tinakula tikumva nkhani zimenezi, koma mantha amenewa sanandiwonongerepo ulendo.

Tsopano za Disembala. Ndikukupemphani kuti musinthe mwezi. Kuyambira Okutobala, kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri, ndipo munthu wochokera kozizira ngati ku Angónia amafooka msanga kuposa mmene amaganizira. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala vuto limasanduka lina: timitsinje touma timene munadutsa m'mawa pa mchenga timadzaza mwadzidzidzi chifukwa cha mvula imene yagwa kumapiri kumene inu simunaione n'komwe, ndipo mukhoza kutsekeredwa tsidya lina masiku angapo. Miyezi yabwino ndi Juni, Julayi ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, pamene nthaka yauma, usiku kukuzizira bwino ndipo udzudzu wachepa. Ngati tchuthi sichilola, ndi bwino kupita Loweruka limodzi la mu Julayi kusiyana ndi sabata yathunthu ya mu Disembala.

Njira yofikira ku Songo si yovuta. Mukatsika kuchokera ku Ulongué n'kudutsa Moatize, mudzawoloka Zambezi mumzinda wa Tete, kenaka mudzapatuka pa Matambo kulowera ku Chitima, ndipo kuchokera ku Tete kukafika ku Songo ndi makilomita pafupifupi 150 a phula, omalizira ake okhotakhota pokwera phiri. Dzazani dizilo ku Tete, ndipo mudzazenso musanasiye phula. Musaiwale zimene apolisi apamsewu amafunsa, monga matirayango awiri ndi chovala chonyezimira.

Ntchito imayamba pamene phula lathera, ndipo pamenepa ndikhalitsapo pang'ono. Pikapu yanu ikhoza kufika ngati giya ya mphamvu, ija yolembedwa 4L, ikugwira ntchito. Iyeseni kwanu musananyamuke, chifukwa magalimoto ambiri akale anakhala zaka osaigwiritsa ntchito ndipo imakana kulowa tsiku limene mwaifuna. Chimene chimagonja msanga kumeneko si injini koma matayala. Miyala yakuthwa imang'amba tayala m'mbali, ndipo zitsa za tsanya zimaboola ngati msomali, kotero nyamulani matayala apadera awiri, pampu, zomatira, jeke ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo pa mchenga. Pa miyala chepetsani mpweya kufika pa mabaa (muyeso wa mpweya wa m'tayala) 1.8 kuti tayala lizigwira bwino, ndipo pa mchenga wakuya mukhoza kutsika mpaka 1.4, bola muziyenda pang'onopang'ono, osakhota mwamphamvu, ndipo mupopenso mukabwerera pa msewu wolimba. Potsika chitunda lowetsani giya yoyamba ya 4L kuti injini izigwira galimoto, phazi lichoke pa kilatchi, mabuleki muzingowakhudza. Mukafika pamalo okayikitsa, tsikani mukayendepo ndi miyendo kaye, ndipo alamu anu aime patsogolo kukulozerani poponda tayala.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochita manyazi. Chaka china ndinalowa mumtsinje wouma ndi matayala olimba, ndili ndekha, ndipo galimoto itayamba kutitimira ndinaponda mafuta kwambiri mpaka inakhala pansi ndi mimba. Ndinakumba ndi fosholo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, madzi akumwa akutha, ndipo amene anandipulumutsa anali anyamata a m'mudzi umene ndinaudutsa osaima n'komwe kupereka moni. Anabwera ndi ng'ombe ziwiri ndi nkhwangwa, anayala nthambi pansi pa matayala, ndipo mkulu wawo anandifunsa mofatsa chifukwa chimene sindinafunsire, popeza powolokera ngolo panali pafupi pomwepo chakumtunda. N'chifukwa chake ndimalimbikira kunena kuti mupite ndi magalimoto awiri ndi chingwe chokokera cholimba. Ngati wachiwiri sapezeka, musapitirire mtunda umene simungathe kubwerera wapansi tsiku limodzi.

Madzi muwerengere malita 5 akumwa pa munthu aliyense tsiku lililonse, kuwonjezapo ophikira, a galimoto, ndi a tsiku limodzi lapadera limene simunalikonzekere. Muwagawe m'zigubu zingapo kuti chimodzi chikabooka musataye onse. Musadalire kuti mtsinje uli pafupi, chifukwa kuchokera pamwamba pa phompho madzi amaoneka ngati mungawatunge ndi dzanja, pamene kutsikako ndi kwa maola, ndipo m'mphepete mwake muli ng'ona ndi mvuu. Foni imagwira m'malo ena okwera n'kutayika m'zigwa, choncho siyani uthenga kwa m'bale wonena tsiku ndi ola limene ayambe kukufunani.

Za kogona penipeni, maso adzakukokerani kumphepete, koma tenti ikhale mapazi osachepera 30 kuchokera pamene thanthwe lathera, khomo lake litafulatira phompho, kuti munthu wodzuka usiku ndi tulo m'maso asalunjike kolakwika. Galimoto muiimike pamalo athyathyathya, mopingasa osati moyang'ana kuphompho, ili m'giya, ndi miyala kumatayala. Mphepo ya pamwamba pa chigwembe imakula usiku, ndipo poti zikhomo sizilowa pa thanthwe, zingwe za tenti muzimangirire ku miyala ikuluikulu. Moto wa nkhuni m'nyengo ya udzu wouma ndi mphepo yotere ine sindiuvomereza. Phikani pa kachitofu ka gasi kapena pa mbaula, ndipo makala muwazime ndi madzi. Nsapato muzizikutumula m'mawa chifukwa cha zinkhanira, mugone m'neti, ndipo mukaona ndowe za njovu zatsopano kapena kanjira kotsikira kumadzi, samukani pamenepo kusanade.

Mwina mukudabwa ngati ulendo wa malamulo ochuluka chonchi uli ndi phindu. Ulipo ndithu. Chigwembe chimenechi ndi chomwe chinabweza David Livingstone mu 1858, pamene anapeza kuti sitima yake singadutse mathithi a Kebrabasa (Cahora Bassa yomweyi), ndipo mukaima pamwamba n'kuona mmene mtsinje waukulu chotere wapanikizidwira pakati pa mapiri, mudzamvetsa chimene chinamugwetsa mphwayi. Ngati malo anu ayang'ana kunyanja, usiku mudzaona nyali za asodzi a kapenta zitandandalika pamadzi ngati mudzi woyandama, ndipo m'mamawa nkhwazi zidzakudzutsani dzuwa lisanatenthe.

Tsiku lobwerera nyamukani m'mawa, zinyalala zonse zili m'galimoto, kuti tayala likaphulika mukhale ndi usana wokwanira. Mukafika pamudzi paja imani, mumutsitse wokulondolerani njira pakhomo pake, ndipo mukatsanzike kwa amfumu. Mukangodutsa osaima, iwo adzayesa kuti mukadali kuphompho, ndipo madzulo adzatuma anyamata kukakufunani.