Nambala imodzi ya chivomerezi pa maboma onse, zingatheke?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe akujambula pulani imodzi ya midadada ya sukulu ndi mathanki a madzi apamwamba aja, zoti zikamangidwe m'maboma angapo kuyambira Karonga mpaka Thyolo. Akufunsa kuti kodi angotenga nambala yaikulu kwambiri pa mapu a chivomerezi nkuigwiritsa ntchito paliponse basi?

Achimwene, mwayamba bwino koma nambala ya pa mapu sikuti ndiyomaliza ayi. Mapu ambiri amapereka PGA, kukula kwa kugwedezeka kwa nthaka, kumene pali mwayi wa 10% woti chivomerezi chikupitirire pa zaka 50, kapena tinene kuti kamodzi pa zaka 475. Koma amaiwerengera ngati mukumanga pa thanthwe, pomwe inu kwinako mukamanga pamchenga. Kumbukani Karonga mu Disembala 2009, zivomerezi zinkangobwera motsatizana, chachikulu cha 6.0 pa sikelo yoyezera mphamvu ya chivomerezi, ndipo kumene kuja m'mbali mwa nyanja ndi dothi lofewa lomwe limanjenjemera ngati phala m'mbale mukaigunda. Ndiye malo oti pa mapu akuoneka apakatikati atha kukhala oipitsitsa mukangoikapo za dothi.

Chitani chonchi: lembani malo onse mu Excel, pa alionse PGA ndi mtundu wa dothi (tumizani anthu akakumbe, osamangoganizira muli muofesi), kenako chulukitsani PGA ndi nambala ya dothilo mmene Eurocode 8 (malamulo a ku Ulaya omangira zopirira chivomerezi) imanenera. Ndipo muchite kawiri, mdadada pawokha thanki payokha, poti thanki yokhala pamwamba pa miyendo yaitali imayendayenda mochedwa kusiyana ndi nyumba yaifupi, ndiye malo oipa kwa iyo atha kukhala ena.

China, muonenso ming'alu yapafupi ya m'nthaka yomwe imayambitsa zivomerezi. Wa Bilila-Mtakataka, cha ku Ntcheu ndi Dedza uko, ndi wautali kuposa makilomita 100, pomwe zolembedwa zathu za zivomerezi ndi zazaka zochepa, moti kukhala chete kwa malo sikutanthauza kuti kulibe ngozi. Ku Salima kunagwedezeka mu Malichi 1989 mpaka anthu kufa. Ku Geological Survey ku Zomba pitaniko mukafunse.

Tsono mukaipeza nambala yoopsayo, kuika pamaboma onse ndiye zitsulo ndi simenti zikudyerani bajeti yonse. Ine ndikanagawa malowo magulu awiri kapena atatu, gulu lililonse ndi nambala yake yaikulu, koma lingi bimu yokha ikhalepo paliponse, imeneyo musachotse.