Funsani Dokotala: Kodi makapisozi a stem cell angameretse mitsempha yatsopano?

Adokotala, bambo anga amadwala shuga, ndipo chala chawo chakuphazi chili ndi chilonda chomwe chatha miyezi iwiri osapola. Ndinamva kuti asayansi akumeretsa mitsempha ya magazi kuchokera ku ma stem cell, choncho ndinawagulira makapisozi ake, mankhwala akuchipatala n'kuyamba aima kaye. Kodi makapisoziwa ayamba liti kugwira ntchito?

Ndikuona chimene chikukusowetsani tulo: mukuopa kuti kuchipatala akawadula phazi. Manthawo ndi omveka, koma kuchedwaku n'kumene kumadulitsa anthu mapazi.

Za asayansizo sanakunamizeni. Mkati mwa mtsempha uliwonse wa magazi muli kansalu kopyapyala ka maselo kotchedwa endothelium, ndipo shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amakawononga. Mu 2007 gulu la Shinya Yamanaka ku Japan linasandutsa maselo a khungu la munthu kukhala ma stem cell, maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi. Lero mu labotale amawathira zinthu zowatsogolera, monga puloteni yotchedwa VEGF, mpaka asanduke maselo a kansalu kaja. Pa maikulosikopu amaoneka atayalana mothinana, ndipo akaikidwa pa jelo amagwirana n'kupanga timachubu. Mu 2019 ofufuza a ku Vienna anameretsa timitsempha totere n'kutiika m'madzi a shuga wambiri, makoma ake n'kukhuthala monga zimachitikira mwa odwala shuga.

Komatu maselowa ndi amoyo, ndipo sachedwa kufa. Amasungidwa pa madigiri 37 m'madzi apadera osinthidwa pafupipafupi. Mu kapisozi wouma sangakhalemo, ndipo ngakhale akanakhalamo, asidi wa m'mimba akanawagaya. Ambiri mwa makapisoziwa ndi ufa wa zomera basi. Selo la chomera silingasanduke mtsempha wa munthu.

Chandiwawa mtima ndi miyezi iwiriyo, komanso kuimitsa mankhwala. Munachita izi chifukwa chowakonda bambo, koma shuga wakhala akukwera nthawi yonseyi.

Apititseni kuchipatala mawa m'mawa, mutatenga mankhwala onse pamodzi ndi makapisoziwo. Akawayeze shuga, akagwire phazi kuti aone ngati magazi akufikako komanso ngati likumva kukhudza, akatsuke chilondacho. Musachidule kapena kuchipaka chilichonse kunyumba, ndipo asamayende opanda nsapato. Ngati amasuta fodya, asiye. Chala chikayamba kuda, kununkha, phazi kuzizira kapena kutupa, kaya thupi kutentha, musadikire kuti kuche, nyamukani nthawi yomweyo.