Voisi ya msuweni wa ku Nkhotakota pa gulu la banja

Eee, halo... ikujambula? Chabwino. Moni nonse m'gulumu, mayi aang'ono ndakuonani muli online, mwaswera bwanji kumeneko. Ine ndimati ndimuyankhe msuweni wangayu, bambo watsopano wa ku Salima, poti aliyense wangowerenga n'kudutsa. Kulemba sinditha, manja ali mamba okhaokha, ndiye mumvera voisi basi, amene bandulo yake ndi yoperewera andikhululukire.

Iwe wafunsa kuti mwana wa masabata atatu ungamupatse timadzi kapena ka gripe water kuti agone, chifukwa akulira usiku wonse komanso kukutentha. Ayi. Bere lokha mpaka miyezi 6, olo dzuwa la Okutobala lino likuphike bwanji, mkaka wa mayi ake uli ndi madzi okwanira kale. Ukamumwetsa madzi kamimba kaja kadzadza ndi zopanda pake, ayamwa pang'ono, bere nalo liyamba kuchepetsa mkaka, mawa lake mwayamba kulimbana ndi kutsegula m'mimba. Anamwino anakuuzani zimenezi tsiku lotuluka, ndikudziwa ine, kungoti iwe unali kalikiliki ndi zithunzi za pa status.

Koma ine funsolo silinandigwire mtima kwenikweni, chandigwira ndi nthawi. Meseji yako yalowa 2:47 usiku. Iweyo? Iwe amene unkagona pakhonde la agogo mpaka mbuzi kumakudumpha, tikuchita kukuthira madzi kuti upite kusukulu? Mwamuna wanga, wakula ndithu. Hahaha. Ayi ndisakuseke... komabe ndikuseke pang'ono, chisuweni sichinathe chifukwa choti wabereka.

Dikira kaye... iwe, tseka chitsekocho mphaka alowa! Pepani, ndimanena kamtsikana kangaka.

Ndiye ndimati chani... eya. Ndikuuze za amalume a ku Chia, bambo ako aang'onowo. Ali m'gulumu koma voisi samvera, amati imatha chaji, ndiye tili pabwino. Mwana wawo woyamba atabadwa, wa ku Joni uja... ayi, bodza, wa ku Joni ndi wachiwiri, ndikunena wamkazi, wa ku Dwangwa. Nthawi imeneyo n'kuti akukhalabe kuseri kwa nyumba ya agogo, nkhani ya dimba ija isanabuke. Mwana ameneyo ankalira abale, mudzi wonse unkadziwira iyeyo kuti kunja kwada. Ndiye atangotuluka m'chikuta, amalume mwadzidzidzi anayamba kukonda ntchito. Munthu amene anzake a chilimira ankachita kumugogodera, pano dzuwa likangolowa watenga nyali, watenga nkhafi, akuti ndapita, usipa wagwa. Lero, mawa, mkuja, chimodzimodzi. Akazi awo osayankhula kanthu, mumawadziwa mmene alili, amangomezera m'kati.

Koma agogo anangoyang'ana kumwamba. Mwezi uli mbee! Aliyense wobadwira kunyanja kuno akudziwa kuti usipa wa nyali umafuna mdima, mwezi ukawala nsomba sizitsata nyali, asiginala, okopa nsomba ndi nyali aja, amakhala kumtunda akusoka maukonde ndi kusewera bawo. Nanga amalume akukapha chani? Ndipo m'mawa akubwera chimanjamanja, olo kandiwo ka m'mbale, koma nkhope ili see, maso oyera, munthu woti wagona bwinobwino, pamene akazi awo akuwodzera ali chiimire pamtondo.

Agogo sanakalipe ayi, iwo aja sankataya mawu. Usiku wina mwana atangomaliza kuyamwa n'kuyamba nyimbo yake ija, anangomutenga, kumukulunga, n'kuuza mpongozi wawo kuti gonani mayi. Kenako uyo, kutsetserekera kudoko. Amayi anga ndi amene anawanyamulira koloboyi, nkhaniyi ndinaimva kwa iwowo, ndiye wotsutsa akatsutsane nawo. Kufika, bwato lili pamchenga, louma gwaa, nyali yosayatsa n'komwe, amalume ali m'katimo chagada, jekete kumaso, mkonono ngati injini ya boti. Agogo anangochotsa jekete lija, kumuika mwana pachifuwa pawo, n'kunena kuti usipa wako ndi uwu. Basi. Iwo n'kukakhala chapoteropo, kutambasula miyendo.

Amalume kudzidzimuka, kuti adzuke sizikutheka, kamunthu kali pamtima kakukuwa. Akuti anaitana, amayi, amayi, agogo duu. Mapeto ake anadzuka naye n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa madzi, uku ndi uku, akuimba nyimbo za pokoka khoka chifukwa zotonthozera ana sankazidziwa, zina mwa izo zosayenera n'komwe kuimbira khanda, mpaka mwana uja zii. Kaya anali mafunde, kaya kufunda kwa chifuwa, kaya mwanayo anangotopa yekha, ife sitikudziwa. Iwe usayerekeze kupita naye ku Senga Bay usiku wamva, udzudzu wa kunyanja tikuudziwa tonse, zimenezo zinali za agogo ndi kulimba mtima kwawo. Koma kuyambira pamenepo inasanduka ntchito ya amalume, mwana akayamwa iwo atenga, akazi awo agona. Anafika mpaka pomabereka ndi chitenje masanasana, anzawo pabawo kumawaseka kuti anadya khuzumule, iwo osalabada. Lero paukwati akangolawa pang'ono mumawamva, ana onsewa ndinalera ndine! Za bwato satchula. Ndipo wina asakawauze kuti ndanena ine, ndikakana.

Nde ukuona msuweni... mmm, ndiyambire pati. Apongozi ako anabwerera kumudzi sabata yatha kukasosa, eti? Ndamva. Ndamvanso, usafunse kwa ndani, kuti masiku ano kuntchito kwanu kwachuluka ma overtime, ndipo ukafika ukumagona pabalaza kuti m'mawa usaodzere. Bwato lako ndi sofa. Ndiye pamene umalemba meseji ija, ine ndikuona kuti za timadzi umangoyambira poti n'zimene zimafunsika pagulu, chimene umafuna kunena n'choti kunyumbako mwatopa nonse awiri, mwatsala nokhanokha, ndipo iwe sukudziwa chochita chifukwa bere ulibe. Mwanayo alibe vuto la ludzu. Amene akufunika thandizo ndi mlamu, akufunika tulo, ndipo manja oti amulandire mwanayo pakali pano ndi akowo.

Mwana wa msinkhu umenewo amayamwa ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku, nthawi zina kuposa apo, makamaka madzulo amangokakamira bere, si kuti mkaka wachepa ayi. Usiku ndi usana sanazisiyanitse. Ndipo ndisakunamize, kulirako kumakwera kaye mpaka cha m'masabata 6, kenako kumayamba kutsika, pofika miyezi itatu inayi mumapumako. Ndiye mtunda ukadalipo, aise. Ngati akuyamwa bwino, akunyowetsa matewera 6 kapena kuposa patsiku, thupi silikutentha, ameneyo ndi mwana wabwinobwino amene akugwira ntchito yake yolira.

Iwe chochita chako n'chophweka. Akangomaliza kuyamwa mutenge, muike paphewa, kamutu ukugwirizira, uzimusisita kumsana mpaka ageye. Vula malaya umuike pachifuwa ngati mmene amachitira kangaroo kuchipatala, uziyenda naye m'nyumbamo, imba chilichonse, olo nyimbo za Bullets zija umatisokosera nazo. Chitseko cha kuchipinda tseka, mlamu agone maola awiri atatu osamva kanthu, akafuna bere ndi pamene ukamudzutse. Akagona mwanayo umugoneke chagada, m'neti, osamuunjikira mabulangete kutentha kuno, ndipo iwe usagone naye pa sofa paja, n'zoopsa. Ukaona kuti mutu wako wayamba kuwira, chifukwa zimachitika, munthu umafika pokwiya ndi kanthu kosalakwa, muike pansi pabwino utuluke panja upume kaye. Kumugwedeza mwaukali ayi, olo kamodzi, ubongo wa khanda suchedwa kuvulala.

Matewera chapa. Eya, ndanena, chapa. Madzi tunga, phala phika, mlamu akamayamwitsa muikire kapu ya madzi kapena thobwa pambali chifukwa ludzu la woyamwitsa ndi lina. Iyeyo ndi amene amwe madzi ambiri, osati mwana. Ndipo alendo obwera kudzaona mwana aja, amene amakhala mpaka nsima ya masana, mlamu n'kumadzuka kukawaphikira... ayi, iwe uziwalandira pakhonde, aone mwana, asambe m'manja kaye, kenako uwaperekeze. Akakunena kuti ndiwe wamwano uwauze kuti wakutuma ndi msuweni wako wa ku Nkhotakota.

Aaa, ndisanaiwale, za overtime zakozo. Kodi tchuthi unatenga? Lamulo la ntchito analisintha mu 2021, bambo naye ali ndi masabata awiri a tchuthi cholipidwa mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu. Kafunse kuofesi kwanu, usachite manyazi, si kupempha chifundo kumeneko. Ndipo ukapatsidwa usakathere ku mpira.

Pali zina zokha zimene sitidikira nazo kuti kuche, izi mvetsera bwino, mayi aang'ono mundithandize ngati ndasiya china. Thupi likatentha kapena kuzizira kwambiri, akakana bere, akamapuma mothamanga kapena m'nthiti mukamalowa, akakomoka kapena kugwedezeka, maso ndi zikhatho zikachita chikasu, pamchombo pakamatuluka mafinya kapena kufiira, akangoti lefuu osadzuka... kumeneko n'kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko ya usiku, kabaza alipo. Osayamba mwagula panado, osayamba mwapita kwa amayi a mankhwala a liwombo. Liwombo limagunda mwa mwana aliyense, limatseka lokha akamakula, likalowa m'kati ndiye kuti m'thupi mwachepa madzi, zofunika achipatala. Ukakayika imba ku Chipatala cha pa Foni, n'zaulere, kusiyana n'kufunsa gulu lino limene theka lake limayankha ndi ma sticker. Ndipo pa masabata 6 kusikelo upite nawo, katemera amabaya pa 6, pa 10 ndi pa 14, ukanyamule mwana ndi kabuku, mlamu nayenso akamuone, n'komwenso mukamve za kulera, chifukwa iwe ndikukudziwa, chaka chamawa udzatilembera meseji ina ya 2:47.

Mlamuyo uzimuyang'ana, osati mwana yekha. Tonsefe mwana akabadwa timathamangira kufunsa kuti wafanana ndi ndani, mayi ake palibe womufunsa kuti mwadzuka bwanji. Magazi akachuluka, thupi likatentha, mutu ukamamuwawa kwambiri, n'kuchipatala. Komanso za mumtima... kulira popanda chifukwa masiku oyambirira kumachitika kwa ambiri, koma zikapitirira masabata awiri, sakudya, sakugona olo mwana atagona, akuti ine sindikutha, ndine mayi wolephera, usamuuze kuti limba mtima, upite naye akalankhule ndi anamwino, ndi matenda ndipo amathandizika. Iye uja ndi wofatsa, kwathu kuno sanatizolowere, paja paukwati tinamuopseza ndi phokoso lathu, ndiye sangalembe m'gulumu kuti ndatopa. Walemba ndiwe m'malo mwake, kungoti walemba za madzi.

Ndiye ndibwereze poti iwe umamva kachiwiri: mwana musiye ndi bere lake, iwe gwira mbali ya tulo ta mayi ake. Usiku ugawane naye. Wamva? Ndipo enanu mwangoti ziii mukumvera, amene muli pafupi ku Salima konko, mukapita musapite ndi malangizo, pitani mukachape, mukaphike, mlamu agone. Mayi aang'ono, mwina kamtsikana kanu kamene kalemba Fomu 4 kaja kangapite kukakhalako masabata angapo, mukambirane, ine ndangoponya.

Eee, voisi yatalika, kasitomala wandiimirira apa. Lachisanu ndikutumizira ufa wa kondowole ndi usipa wouma pa minibasi ya m'mawa, ukalandire pa Kamuzu Road, kondakitala ndimupatsa nambala yako. Ndi za mlamu zimenezo, iwe ungolawa. Ndalama ya katundu ukalipire ndiwe, paja ya njinga ija sunandibwezerebe.